Siteshoni ya Arnos Grove ndi Ulemu wa Munthu Wamba

Anthu akamakamba za nyumba zotchuka za mumzinda wa London, ku Mangalande, kawirikawiri amatchula nyumba yachifumu ya Buckingham, tchalitchi chachikulu cha St Paul's kapena Nyumba ya Malamulo ya ku Westminster. Zimenezi ndi nyumba za mafumu, ansembe ndi nduna za boma, choncho palibe amene amadabwa akamva kuti amisiri adazimanga mosamala ndi mwaluso. Koma chakumpoto kwa mzindawo, kutali ndi piringupiringu wa pakati pa tauni, pamsewu wotchedwa Bowes Road, pali nyumba ina yaing'ono ya njerwa imene simugona mfumu kapena nduna. Nyumbayi ndi siteshoni ya sitima ya Arnos Grove, yomwe idatsekulidwa pa 19 Sepitembala 1932. Olowamo ndi alembi a m'maofesi, anamwino, ana a sukulu ndi amayi opita kokagula ndiwo, ndipo ambiri mwa iwo satha ngakhale mphindi zisanu ali m'katimo. Komabe m'chaka cha 2007 nyuzipepala ya The Guardian idaika siteshoniyi pamndandanda wa nyumba 12 zopambana za makono ano, pamodzi ndi Sydney Opera House ya ku Australia ndi Empire State Building ya ku New York. Kodi zidatheka bwanji kuti malo ongodutsapo anthu wamba alandire ulemu wotere?

Yankho la funsoli liyenera kuyambira panjanji imene siteshoniyi imatumikira. M'zaka za m'ma 1800 mzinda wa London udakula mofulumira kwambiri kotero kuti misewu yake idathinana ndi ngolo zokokedwa ndi akavalo. Pofuna kuchepetsa vutoli, akatswiri adaganiza zodutsitsa sitima kunsi kwa misewu, ndipo pa 10 Januwale 1863 njanji yoyamba yapansi pa nthaka padziko lonse idatsekulidwa, kuchokera ku Paddington kukafika ku Farringdon. Poimanga, anthu ankakumba ngalande yaikulu mumsewu, n'kuyalamo njanji, kenaka n'kufolera pamwamba pake kuti msewu ubwerere mwakale. Sitima zoyambazo zinkayendera malasha, motero okwera ankatsamwa ndi utsi. Zinthu zidasintha m'chaka cha 1890 pamene kudabwera sitima zamagetsi zoyenda m'mphanga zakuya, zoboola mozungulira ngati paipi. Imodzi mwa njanji zakuya zoterezi ndi ya Piccadilly, imene idatsekulidwa pa 15 Disembala 1906. Pa nthawiyo inkayambira ku Hammersmith, kumadzulo kwa mzinda, n'kukathera ku Finsbury Park, chakumpoto.

Ku Finsbury Park kumeneku ndi kumene kudagona vuto. Madzulo alionse anthu zikwizikwi ochokera kuntchito ankatsika sitima pamalo amodzi, chonsecho ambiri mwa iwo kwawo kudali kutsogolo. Ankakhuthukira mumsewu ngati madzi osefukira, n'kuyamba kulimbirana mabasi ndi magaleta amagetsi oyenda panjanji za mumsewu. Pakulimbirana kotere wamphamvu ndiye amakwera, pamene nkhalamba ndi mayi wa mwana amatsala akunjenjemera ndi chisanu. Njanjiyo ikadatha kupitirira, koma padali pangano la m'chaka cha 1902 limene linkaletsa zimenezi. Kampani ya njanji ya Great Northern, yomwe inkayendetsa sitima zamalasha kumadera akumpotowo, inkaopa kulandidwa okwera, choncho idaonetsetsa kuti sitima zapansi zisapyole pa Finsbury Park popanda chilolezo chake. Kwa zaka pafupifupi 20 phindu la kampani lidalemera kuposa kuvutika kwa anthu.

Akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'chaka cha 1923 mabungwe a anthu okhoma msonkho a m'maderawo adasonkhanitsa maina 30,000 pachikalata cha madandaulo ndi kukachipereka ku boma. Kafukufuku wa nkhaniyi adachitika m'chaka cha 1925, ndipo kampani ya London and North Eastern Railway, imene idali italowa m'malo mwa Great Northern, idagonja n'kuchotsa chiletso chija. Chidatsala ndi ndalama, ndipo chodabwitsa n'chakuti ndalamazo zidapezeka pa nthawi ya mavuto. Ulova udali utakula m'dzikomo, choncho m'chaka cha 1929 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lothandiza makampani kupeza ngongole zoyendetsera ntchito zikuluzikulu zimene zingalembe anthu ambiri. Ntchito yotalikitsa njanji ya Piccadilly idayamba m'chaka cha 1930. Pamene sitima yoyamba inkafika pa Arnos Grove m'chaka cha 1932, n'kuti anthu oposa 2,500,000 m'dziko la Britain ali pa ulova.

Njanji yatsopanoyo, yotalika pafupifupi makilomita 12, idatsekulidwa m'zigawo zitatu. Chigawo choyamba chidachokera ku Finsbury Park, kudzera pa Manor House, Turnpike Lane, Wood Green ndi Bounds Green, n'kukathera pa Arnos Grove. Pa 13 Malichi 1933 sitima zidafika ku Southgate ndi ku Enfield West, siteshoni imene masiku ano imatchedwa Oakwood, ndipo pa 31 Julayi chaka chomwecho zidafika ku Cockfosters, kumene njanjiyi imathera mpaka lero. Pano pali mfundo imene imasokoneza alendo ambiri. Ngakhale njanji zonse za mtunduwu mu London zimatchedwa zapansi pa nthaka, gawo loposa theka la utali wake lili pamtunda. Kuboola mphanga n'kodula, choncho kumachitika makamaka kumene nyumba zathinana kapena kumene kuli chitunda. Sitima yochokera pakati pa mzinda imayenda mumdima mpaka pa Bounds Green, kenaka imatumphukira pamtunda, ndipo siteshoni yoyamba imene wokwera amaonerapo dzuwa ndi Arnos Grove. Ikapitirira chakumpoto imawoloka chigwa cha kamtsinje ka Pymmes Brook pamlatho wautali wa njerwa, n'kukalowanso pansi pofika ku Southgate.

Dzina lakuti Arnos Grove n'lakale kuposa njanji. Lidali dzina la munda waukulu wa anthu olemera umene udali m'deralo, wokhala ndi nyumba yaikulu, nkhalango ndi madambo odyetserako ziweto. M'chaka cha 1928 mwini wake, Lord Inverforth, adagulitsa mundawo. Gawo lina lidagulidwa ndi khonsolo ya Southgate n'kusanduka paki ya anthu onse yotchedwa Arnos Park, ndipo gawo lina lidapita kwa omanga nyumba zogulitsa. Motero pamene amisiri ankayala maziko a siteshoni, malo ambiri ozungulira adali akadali apululu. Siteshoniyo inkamangidwira anthu amene ambiri mwa iwo adali asanasamukire n'komwe m'deralo.

Amuna awiri ndiwo adatsogolera pa ntchito yosankha maonekedwe a masiteshoni atsopanowa. Woyamba adali Frank Pick, wobadwa m'chaka cha 1878 ku Spalding, mwana wa wogulitsa nsalu. Iye adaphunzira zamalamulo, koma ntchito ya moyo wake idali ya njanji. Adalowa m'kampani ya sitima zapansi za mu London m'chaka cha 1906, adakwera mpaka kukhala woyendetsa ntchito wamkulu m'chaka cha 1928, ndipo pamene bungwe la London Transport lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1933, iye ndiye ankayang'anira ntchito zake za tsiku ndi tsiku. Pick sadali wojambula kapena mmisiri. Mphatso yake idali diso lakuthwa. Ankayendera masiteshoni n'kumayang'anitsitsa ngakhale tinthu timene mabwana ena amati n'tachabechabe, monga mipando, nyale, zikwangwani ndi motaya zinyalala. Iye ankakhulupirira kuti ubwino wa chinthu umaoneka pa m'mene chikugwirira ntchito imene adachipangira, ndi kuti chinthu cholephera ntchito yake sichingakhale chabwino ngakhale atachikongoletsa motani.

Wachiwiri adali Charles Holden, katswiri wojambula mapulani a nyumba, wobadwa m'chaka cha 1875 ku Bolton. Nayenso adali mwana wa wogulitsa nsalu, koma malonda a bambo ake adagwa iye ali wamng'ono, ndipo mayi ake adamwalira asanakule. Ali mnyamata adagwirapo ntchito ya ukalaliki panjanji ku St Helens, uku akuphunzira zojambula madzulo ataweruka. Atakula adajambula mapulani a zipatala ndi a nyumba yaikulu ya mabuku ya mumzinda wa Bristol. Itatha nkhondo yoyamba ya padziko lonse, adajambula mapulani a manda a asilikali oposa 60 ku France ndi ku Belgium. M'manda amenewo lamulo lidali lakuti mwala wa pamanda a mkulu wa asilikali ufanane ndi wa msilikali wamba. Holden adakumana ndi Pick m'chaka cha 1915 m'bungwe lotchedwa Design and Industries Association. Kuchokera pamenepo ubale wawo udakula, mpaka Holden adajambula masiteshoni a njanji yopita ku Morden, otsekulidwa m'chaka cha 1926, ndi likulu la kampaniyo lotchedwa 55 Broadway, lomalizidwa m'chaka cha 1929.

Masiteshoni ambiri akuluakulu a m'zaka za m'ma 1800 adamangidwa motsanzira nyumba zina. Kumaso kwa siteshoni ya St Pancras kuli nsanja ndi zosemasema ngati za tchalitchi, ndipo pakhomo pa siteshoni yakale ya Euston padali chipata chonga cha kachisi wa Agiriki. Pick ndi Holden ankafuna kuti siteshoni izioneka ngati siteshoni. Ankadziwa za chikomekome cha mkuyu, chimene m'kati mwake muli nyerere: nyumba ikhoza kunyezimira kunja pamene m'kati muli mdima, mothinana ndi mosokoneza. M'chaka cha 1930 awiriwa adayenda ulendo wokaona nyumba zatsopano ku Germany, Netherlands, Denmark ndi Sweden. Kumeneko adachita chidwi ndi nyumba za njerwa zopanda zokometsera, monga zimene Willem Dudok adamanga m'tauni ya Hilversum. Chipatso choyamba cha ulendowo chidali siteshoni ya Sudbury Town, kumadzulo kwa London, yotsekulidwa m'chaka cha 1931. Holden mwini wake ankati masiteshoni oterewa ndi mabokosi a njerwa ovundikira ndi konkire.

Pa Arnos Grove bokosi lija lidasanduka ng'oma. Munthu akaima patsidya pa msewu amaona nyumba yaifupi ya njerwa zofiirira, zosapaka pulasitala, m'mene muli timaofesi ndi timashopu. Pakati pa nyumbayo patuluka chipinda chachitali chozungulira, chooneka ngati ng'oma yaikulu yoimika. Khoma la ng'omayo lili ndi mawindo ataliatali a magalasi, ndipo pamwamba pake pali denga lathyathyathya la konkire, lotulukirako pang'ono ngati chivundikiro cha mphika. Palibe chosema cha mkango kapena cha mngelo, palibenso nsanja. Kukongola kwake kwagona pa kulingana kwa zigawo zake: utali wa ng'oma poyerekeza ndi nyumba yapansi, kukula kwa mawindo poyerekeza ndi khoma, ndi mizere yoyera ya konkire imene ikudula kufiira kwa njerwa. Akatswiri ambiri amaona kufanana pakati pa nyumbayi ndi nyumba ya mabuku ya mumzinda wa Stockholm, ku Sweden, imene Gunnar Asplund adajambula ndipo idatsekulidwa m'chaka cha 1928. Nayonso ndi ng'oma yotuluka pakati pa nyumba ya ngodya zinayi.

Chodabwitsa chenicheni chili m'kati. Wolowa pakhomo amapezeka ali m'chipinda chimodzi chachikulu chozungulira, ndipo pakatikati pa chipindacho paima mzati umodzi wa konkire umene wasenza denga. Aliyense amene adalowapo m'nyumba yozungulira ya kumudzi, ya mzati pakati, angazindikire nzeru imeneyi msanga, ngakhale kuti pano m'malo mwa mtengo ndi udzu pali konkire ndi zitsulo zobisika m'kati mwake. Denga latambasuka kuchokera pamutu pa mzatiwo monga m'mene bowa amatambasukira pa tsinde lake. Amisiri sadabise chilichonse. Njerwa zikuoneka kuti ndi njerwa, konkire akuoneka kuti ndi konkire, ndipo ngakhale mwana wa sukulu atha kuloza chimene chagwira denga kuti lisagwe. Patsinde pa mzatiwo adamangapo kachipinda kozungulira ka matabwa ndi magalasi, m'mene munkakhala wogulitsa matikiti.

Kuzungulira kwa chipindachi kuli ndi ntchito yake. Munthu wothamangira sitima alibe nthawi yofunsa njira. Pa Arnos Grove akangoponda pakhomo amaona zonse nthawi imodzi: pogulira tikiti pali patsogolo pake, ndipo njira yopita kokwerera sitima ili kuseri kwake. Palibe ngodya yoti anthu aunjikanepo kapena yoti mlendo asokerepo. Khamu limagawikana pamzati paja monga madzi amagawikana pamwala wa mumtsinje, n'kukakumananso kutsogolo. Kuchokera m'chipindamo wokwera amadutsa pakamlatho ka pamwamba pa njanji n'kutsika masitepe kupita kokwerera. Kumeneko kuli njanji zitatu ndi mapulatifomu awiri ofoleredwa ndi konkire. Njanji yapakati ili ndi pokwerera mbali zonse ziwiri, ndipo imathandiza sitima zimene ulendo wake umathera pomwepa kuti zibwerere mumzinda popanda kutsekereza zinzake. Kunja kwa siteshoni adasiya malo oimapo mabasi, kuti chipwirikiti cha ku Finsbury Park chija chisabadwenso pamalo atsopano.

Mawindo ataliatali aja nawo ali ndi ntchito ziwiri. Masana amalowetsa kuwala kwa dzuwa kuchokera mbali zonse, motero chipindacho chimawala ngakhale kunja kuli mitambo. Usiku zinthu zimatembenuka. Nyale za m'kati zikayaka, ng'oma yonse imawala ngati nyali yaikulu yoikidwa m'mbali mwa msewu, ndipo munthu amaiona ali patali. Phindu la zimenezi limamveka bwino tikakumbukira kuti m'mwezi wa Disembala dzuwa mu London limalowa 4 koloko madzulo isanakwane, ndipo limatuluka cha m'ma 8 koloko m'mawa. M'nyengo yozizira wantchito amachoka pakhomo kuli mdima n'kubwereranso kuli mdima. Kwa munthu wotere, nyumba yowala imene imamulandira kawiri pa tsiku si chinthu chaching'ono.

Nyumbayi sidaime payokha. Idali mbali imodzi ya dongosolo limene Pick ankafuna kuti lifike paliponse. Zilembo za pazikwangwani zidali za mtundu umodzi, zojambulidwa ndi Edward Johnston, zimene zidayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 1916. N'zosavuta kuwerenga ngakhale sitima ikuyenda, ndipo mpaka lero, zitakonzedwanso pang'ono, ndizo zimaoneka m'masiteshoni a London. Chizindikiro cha njanjizi, mkombero wofiira wodulidwa ndi mzere wabuluu, chidaikidwa poonekera kuti aliyense adziwe pamene pali khomo la sitima. M'chaka cha 1933 padatuluka mapu atsopano ojambulidwa ndi Harry Beck, amene adasiya kutsata kukhotakhota kwenikweni kwa njanji n'kujambula mizere yowongoka ya mitundu yosiyanasiyana. Pamapu amenewo siteshoni ya kunja kwa mzinda ngati Arnos Grove idaoneka yoyandikira, ndipo munthu ankatha kuwerenga ndi chala masiteshoni otsala kuti akafike kuntchito.

Ngakhale dzina la Holden ndilo limatchuka, iye sadagwire ntchitoyi yekha. Mapulani ambiri atsatanetsatane a Arnos Grove adajambulidwa ndi womuthandiza wake, Charles Hutton, ndipo pambuyo pa awiriwa padali akatswiri owerengera kulemera kwa denga, oumba njerwa, omanga, akalipentala ndi okumba maziko, amene maina awo sadalembedwe pakhoma lililonse. Holden ankazidziwa zimenezi. Kawiri konse, m'chaka cha 1944 ndi cha 1951, boma lidafuna kumupatsa ulemu wa dzina lakuti Sir, koma iye adakana. Chimodzi mwa zifukwa zake chidali chakuti kumanga nyumba ndi ntchito ya anthu ambiri, ndipo sikoyenera kuti mmodzi atenge ulemu wa onse. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga adaumvetsa ngakhale sadaumvepo. Pick adamwalira m'chaka cha 1941, ndipo Holden adamwalira m'chaka cha 1960.

Sitima zitayamba kuyenda, dera lonse lidasintha m'zaka zowerengeka. Pa masiku oyamba anthu a m'maderawo adapatsidwa matikiti aulere kuti alawe ulendo watsopano, ndipo posakhalitsa misewu ya nyumba zamapasa, za mabanja awiri pansi pa denga limodzi, idayala pamene padali minda. Kalaliki amene kale ankapanikizana ndi banja lake m'zipinda ziwiri zautsi pakati pa mzinda tsopano ankatha kukhala m'nyumba ya kadimba kuseri, n'kumakafikabe kuntchito nthawi yabwino. Koma walira mvula walira matope. Nkhalango ndi madambo zimene zinkakopa anthu kuti asamukire kumeneko ndizo zidayamba kutha chifukwa cha kubwera kwawo. Zotere zinkachitika mbali zonse za London, mpaka m'chaka cha 1938 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo loteteza lamba wa minda ndi nkhalango wozinga mzindawo. Njanji imabweretsa mwayi, koma imadyanso malo, ndipo wokonza mzinda ayenera kuwerengera zonse ziwiri.

Kuchokera nthawi imeneyo siteshoniyi yaona zambiri. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anthu ankabisala m'masiteshoni akuya pothawa mabomba, ndipo usiku wa pa 13 Okutobala 1940 bomba lidagumula mbali ina ya siteshoni yoyandikana nayo ya Bounds Green n'kupha ena mwa obisalamo. Nyumba ya Arnos Grove idapulumuka. M'chaka cha 1971 boma lidailemba m'kaundula wa nyumba zotetezedwa ndi lamulo, zimene munthu sangagumule kapena kusintha popanda chilolezo. M'chaka cha 1990 idakonzedwanso motsata maonekedwe ake oyamba, ndipo m'chaka cha 2011 idakwezedwa kupita m'gulu lotchedwa Grade II*, m'mene muli nyumba zochepa chabe. Kachipinda ka matikiti kaja kadasiya ntchito yake, popeza okwera masiku ano amalipira pa makina kapena pogunditsa khadi pachipata, koma kakadali patsinde pa mzati. Kuyambira m'chaka cha 1977 njanji ya Piccadilly imafika kubwalo la ndege la Heathrow, kotero mlendo wotsika ndege atha kukwera sitima imodzi, kudutsa kunsi kwa mzinda wonse, n'kukatsikira pa Arnos Grove.

Wina atha kufunsa ngati kudali kwanzeru kusamala chotere pomanga siteshoni pa nthawi imene anthu mamiliyoni adali pa ulova. Kodi chisakasa cha malata sichikadakwanira? Funsoli n'lomveka, pakuti ndalama za ngongole si zoseweretsa. Koma tiyenera kuona chimene chidalowa m'nyumbayi. Mulibe golide kapena miyala yodula yochokera kutali. Muli njerwa, konkire, zitsulo, magalasi ndi matabwa, zipangizo zomwezo zimene amamangira fakitale kapena nyumba yosungiramo katundu. Chimene chidaonjezedwa ndi kuganiza: kukhala pansi n'kudzifunsa kuti munthu wotopa alowera pati, aona chiyani, aima pati mvula ikamagwa, ndipo mumtima mwake amva bwanji. Kuganiza kotere kumadya nthawi yambiri kuposa ndalama. Zotsatira zake n'zakuti nyumbayi yatumikira anthu zaka zoposa 90 popanda kugumulidwa, pamene chisakasa chikadamangidwa kangapo konse.

Apa ndi pamene pagona phunziro lalikulu la Arnos Grove. Nyumba imalankhula kwa woigwiritsa ntchito ngakhale ilibe pakamwa. Chipinda chodikirira chamdima, chonunkha ndi chopanda pokhala chimauza munthu kuti iye ndi katundu wongofunika kusunthidwa. Chipinda chowala, chaudongo ndi chosasokoneza chimamuuza kuti wina adamuganizira asanafike. Mfumu imalowa m'nyumba yake yachifumu ndi anthu owerengeka, koma pasiteshoni pamadutsa anthu zikwizikwi tsiku lililonse, chaka ndi chaka, ndipo chimene amaona m'mawa uliwonse chimawaphunzitsa m'mene dziko lawo limawaonera. Pick ndi Holden, ana a ogulitsa nsalu, adasankha kuti munthu wa tikiti yotsika mtengo apatsidwe luso lofanana ndi limene kale linkasungidwira mafumu ndi mabishopu. Ndi mtima womwe uja wa m'manda a asilikali, wakuti wamkulu ndi wamng'ono alandire mwala wofanana, koma pano udaperekedwa kwa amoyo.

Phunziroli silifuna njanji yapansi pa nthaka kuti ligwire ntchito. Paliponse pamene anthu amamanga sukulu, chipatala, msika kapena depoti ya mabasi, funso limakhala lomwelo: kodi malowa akumangidwira yani, nanga womangayo wamulemekeza mwini wake weniweni, amene ndi munthu wamba? Ena mwa achinyamata amene ali pasukulu lero adzakhala akatswiri a mapulani, ena mainjiniya, ena makhansala ndi alembi a maboma amene adzasaina zikalata zovomereza nyumba zotere. Tsiku limenelo kudzakhala kosavuta kunena kuti ndalama n'zochepa ndipo anthu wamba sadandaula. Adzachita bwino kukumbukira kuti kumpoto kwa London kuli nyumba ya njerwa ya mzati umodzi, yomangidwa m'zaka za umphawi, imene mpaka lero wantchito wobwerera kwawo madzulo amalowamo ngati mlendo woyembekezeredwa.